Paume Kaye

Ku Alakope kuno ukafunsa za Efo Gameli Kpodo, anthu amayamba akanda kaye m'mutu. Koma ukangoti Efo Paumekaye, ngakhale kamwana koyamba kumene sukulu kamatambasula manja n'kuyamba kuwakupiza m'mwamba. Bambo ameneyu sankakhudza chinthu asanachipukute ndi sipiriti, ndipo akapukuta sankachikhudzabe mpaka chitauma. Chogwirira chitseko, mpando, supuni, belu la njinga, dzanja la mfumu, zonse zinkadikira. Asodzi amanena kuti ngakhale nkhuku ya ndiwo ankayamba aipukuta pakhosi, koma asodzi mukuwadziwa. Ine ndinalipo tsiku lina akupha nkhuku, ndipo anapukuta mpeni wokha.

Ine ndine Senanu, wometa pa siteji ya magalimoto opita ku Keta. Ndinakhala nawo moyandikana zaka zoposa makumi awiri, ndipo ndisakubisireni, zaka zitatu zoyambirira ndinkalakalaka nditawadula khutu. Anabwera kuno atapuma ntchito yotsuka ndi kumanga mabala ku chipatala cha boma, iwo ndi akazi awo Daavi Akpene. Kwathu kuno bambo timamutchula mwaulemu kuti Efo, mayi timati Daavi. Malaya oyera ositidwa mpaka kuthwa, kachikwama kachikopa m'khwapa, m'katimo botolo lofiirira ndi chitini cha mkaka chodzaza thonje. Botolo limenelo linatiseketsa zaka zambiri. Lomwelonso linatsala pang'ono kuwalanda chinthu chimodzi chokha chimene ankachifuna pansi pano, kamalo ka dothi pambali pa manda a Daavi Akpene.

Tsiku loyamba kubwera ku shopu kwanga anaima pakhomo ngati woyendera zaumoyo.

"Efo, takulandirani. Khalani apa."

"Makinawo mwangometera ndani?"

"Munthu."

"Munthu wake wa zipere kapena wopanda?"

"Sindinamufunse."

"Ndiye mukufuna mundipatse zipere zake ngati basela?"

Ndinatenga sipiriti wanga, n'kuwaza pamakina, n'kuuzira ndi pakamwa kawiri, fuu fuu, kuti tifulumire. Bamboyo anagwira pamtima.

"Mwathira mankhwala, kenako mwalavulirapo. Yambiraninso. Musauzire, musapukute ndi nsalu, musagwedeze. Paume kaye."

"Efo, panja pali anthu anayi akudikira."

"Nawonso aume."

Anayamba kuwerenga mokweza, mosathamanga, mpaka makumi atatu. Pofika pa khumi ndi zisanu mmodzi wa odikira aja anali atawolokera kwa wometa wa kutsidya, ine nditafufuma ndi ukali. Nditamaliza kuwameta anandilanda botolo langa, n'kulinunkhiza, n'kupukusa mutu. Mawa lake anabwera ndi sipiriti woyera wa ku famase ndi madzi owiritsa ozizira m'kapu, n'kuyamba kundiyezera pa chitsekero cha botolo. Zitsekero zisanu ndi ziwiri za sipiriti, zitatu za madzi.

"Mukuthira madzi m'mankhwala? Efo, ntchito imeneyi ndi ya ogulitsa mkaka."

"Mutu wanuwo tsitsi lili kunja kokha, m'kati munametedwa kale. Sipiriti wosasungunula ali ngati wapolisi waphuma. Afika, akuwa, abwerera, mbava zili phee kuseri kwa chitseko. Madziwa ndi amene amamukhazika pansi kuti agwire ntchito, alowe m'kachilomboko, akaphe. Zisanu ndi ziwiri, zitatu. Mukachulutsa madzi mwapanga tiyi."

"Nanga lezala?"

"Lezala ndiye ayi. Munthu mmodzi, lezala lake. Sipiriti si mpulumutsi, sachotsa machimo onse."

Ndinawamvera chifukwa chotopa nawo, osati chifukwa chokhulupirira. Koma patapita miyezi ingapo ndinaona azimayi akudutsa mashopu awiri kubweretsa ana awo kwa ine, ati kwa Senanu mwana sabwerako ndi zipere. Efo sindinawauze. Munthu wotero ukamuuza kuti ananena zoona, wadziputira mavuto.

Phunziro lachiwiri ndinalipira ndi ndevu. Tsiku lina nditapaka sipiriti mpaka m'zigongono, ndinamva nthochi zanga zikupserera pa mbaula kuseri kwa shopu. Ndinathamanga n'kuwerama kuti ndizitembenuze, manja ali chinyowere. Moto wa sipiriti suoneka bwino masana. Ndinangomva kutentha, kenako fungo la nkhuku yowaula. Ndevu za kumanzere zinapita, nsidze imodzi inapita. Efo anabwera, anaviika manja anga m'madzi ozizira nthawi yaitali, anandimanga bwinobwino. Atafika pakhomo anatembenuka.

"Senanu."

"Efo."

"Paja ndimati chiyani?"

Ndinawagenda ndi chipeso.

Pamaliro ndiye pankakhala zisudzo. Mukudziwa mmene timachitira, moni wa dzanja mzere wonse kuyambira kumanja mpaka kumanzere, osadumpha munthu. Efo sankadumpha munthu, mwambo ankaulemekeza. Koma akagwira dzanja limodzi ankaima, kutsekula chikwama, kunyowetsa thonje, kupukuta zala chimodzichimodzi, n'kuimika manja m'mwamba ngati waimitsidwa ndi achifwamba. Pa maliro a amalume awo a mfumu panali mipando makumi asanu ndi limodzi. Amene anali pambuyo pawo pamzere anafika kwa ofedwa oimba ng'oma atapita kale kukadya. Kuyambira pamenepo mabanja anapangana kuti Efo akangotulukira, wina aziwathamangira n'kuwauza kuti, "Efo, onse akuti alandira moni wanu."

Namwino watsopano wa pa kiliniki yathu naye anawadziwa msanga. Efo anapita kukabayitsa jakisoni wa malungo. Namwinoyo anapukuta pathako n'kukweza singano nthawi yomweyo, monga zimakhalira mzere ukatalika. Efo anadumpha, buluku lili m'manja, n'kuyamba kuzungulira tebulo.

"Papa, taimani ndikubayeni!"

"Zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi ziwiri... Mwana wanga, tizilombo sitinafe, tangonyowa. Ukabaya tsopano ukutikweza galimoto yolowera m'kati. Zisanu ndi zinayi..."

"Panja pali anthu makumi awiri!"

"Onsewo ali ndi matako, ndipo thako lililonse liyenera theka la mphindi."

Odwala a pa benchi anamva zonse kudzera pa katani. Akuti mayi wina amene anabwera atanyamulidwa anabwerera kwawo akuyenda yekha chifukwa cha kuseka.

Chimene chinkasokoneza anthu n'chakuti munthu wokonda sipiriti chotere ankakana kumuthira pabala. Tsiku lina msodzi wina, Dogbe, anaponda chigoba cha nkhono kudoko n'kung'ambika phazi. Anzake anathamanga naye, osati ku kiliniki, koma kwa Daavi Ablewor, mayi wotcheza akpeteshie, kachasu wathu wa migwalangwa. Daavi Ablewor ndi mayi wamkulu thupi, wamkulu mawu, amene amati kachasu wake amachiza chilichonse kupatula umphawi. Anali atatsekula kale chigubu pamene Efo anatulukira pa njinga.

"Imani! Daavi, chotsani chimenecho."

"Adokotala afika. Thirani wanuyo ndiye, tione."

"Ndipatseni sopo ndi madzi oyera ambiri."

"Sopo? Nanga botolo limene mumayenda nalo ngati mwana wakhandali ndi la chiyani?"

"La manja angawa, ndi khungu lozungulira bala. M'kati mwa bala sipiriti amapsereza nyama yamoyo, bala n'kuchedwa kupola. Inu mukamva munthu akukuwa mumati mankhwala akugwira ntchito."

Dogbe, ali gone pa benchi, anakweza mutu. "Efo, ngati pabala simuthira, ndipatseniko ka pakamwa."

"Uyu ukamwa umachita khungu, ukaonjeza timakuimbira nyimbo. Gona."

Daavi Ablewor anaika manja m'chiuno. "Ndiye mukuti wanga alibe ntchito? Wanga amayaka moto!"

"Daavi, wanu ngwofooka. Theka lake ndi madzi. Kachilombo sangaphe, amangopha mabanja."

Ngakhale Dogbe anasiya kubuula. Daavi Ablewor mutha kumunena kuti ndi mfiti, amangoseka. Koma kunena kachasu wake kuti ngwofooka pamaso pa makasitomala! Phazi la Dogbe linapola bwinobwino, bala la Daavi Ablewor silinapole. Zaka ndi zaka, Efo akamadutsa pa njinga, mayiyo ankathira kachasu m'mbale, kuyatsa machesi, n'kuikweza m'mwamba ikuyaka. "Wofooka uja ndi uyu, adokotala!" Efo ankangoliza belu, atalipukuta.

Munthu mmodzi yekha ndi amene ankaloledwa kuwagwira popanda kudikira, Daavi Akpene. Anali mayi wofatsa, wophika abolo, timikate ta chimanga tija, tokoma kuposa ta aliyense pamsika. Tsiku lina ndinawafunsa kuti amapirira bwanji kukhala ndi munthu wotere m'nyumba.

"Senanu, mwamuna wotha kudikira theka la mphindi sakumenya. Mkwiyonso umauma."

Daavi Akpene atamwalira tinawaika m'manda a mpingo, kuseri kwa tchalitchi chathu cha pachitunda, pansi pa mtengo wa nimu, ndipo pambali pawo panatsala malo a munthu mmodzi. Efo anakhala sabata ziwiri osadya zolozeka. Lamlungu lachitatu, ali kutsogolo kugawa mgonero monga ankachitira, miyendo inalefuka. Anagwa, chikwama chinagwa, botolo linasweka, ndipo tchalitchi chonse chinanunkha ngati kuseri kwa nyumba ya Daavi Ablewor.

Mkulu wa mpingo, Papa Agbenyega, mphunzitsi wamkulu wopuma, anali ndi mphuno yotchuka. Ananunkhiza kamodzi n'kugamula kuti wamasiye wayamba kumwa. Anawaitanitsa ku bwalo la akulu. Efo akanafotokoza modzichepetsa, nkhani ikanathera pomwepo. Koma Efo ndi Efo.

"Papa, mphuno yanu ndi yaikulu koma sinapite kusukulu."

Anawatumiza ku benchi ya kumbuyo. Kwathu kuno wa pa benchi ya kumbuyo sadya mgonero, ndipo akamwalira maliro ake salowa m'tchalitchi kapena m'manda a mpingo. Amakaikidwa kutsidya kwa msewu, ku manda a aliyense, kumene mbuzi zimadya nkhata za maluwa. Njira yobwererera inali imodzi, kuima pamaso pa mpingo, kulapa uchidakwa, n'kupereka botolo kwa akulu. Efo anagula botolo lina, anapukuta benchi ya kumbuyo, anadikira kuti paume, n'kukhala. Anakhalapo zaka khumi ndi chimodzi, osajomba Lamlungu ngakhale limodzi.

Loweruka lililonse m'mawa ankapita kukapukuta dzina la Daavi Akpene pa chiliza. Loweruka lina ndinawatsatira nditapsa mtima, chifukwa ndinkaona kuti ukalamba wayamba kuwalemera.

"Efo, mukufuna mukagone ndi mbuzi? Imani Lamlungu, nenani mawu awiri, perekani botolo. Lolemba mugule lina. Mulungu akudziwa kuti simumwa."

"Ndiye ndikaname m'nyumba mwake chifukwa akudziwa kale zoona?"

"Malowa awapatsa wina."

Anayang'ana malo opanda kanthu aja nthawi yaitali.

"Zimenezo ndimaziopa tsiku lililonse, Senanu. Koma Akpene anakwatiwa ndi munthu wosanama. Ndikabwera pano ndi bodza andifunsa kuti ndine ndani."

Ananyowetsa thonje n'kuyamba kupukuta zilembo.

"Ukudziwa kuti ndinamupeza bwanji? Anabwera ku chipatala ndi chifuwa, anamulembera majakisoni asanu ndi awiri, tsiku limodzi jakisoni mmodzi. Ine ndinali wamanyazi, mkazi sindinkamuyang'ana kumaso. Koma ukapukuta khungu umayenera kudikira, ndipo podikirapo umayenera kunena kanthu. Tsiku loyamba ndinamufunsa dzina. Tsiku lachiwiri, kwawo. Tsiku lachisanu anandifunsa iye kuti, 'Kodi kwa enanso pamauma mochedwa chonchi?'"

"Ndiye munkaba nthawi!"

"Ndinkapukuta kawiri. Tsiku lomaliza ndinamufunsira, jakisoni ali m'manja. Ankakonda kunena kuti anavomera chifukwa cha mantha."

Anasiya kupukuta n'kuimika dzanja. Milomo yawo inkagwedera, koma sanali kuwerenga. Pamenepo ndinazindikira kuti Loweruka lililonse amalankhula ndi akazi awo mpaka zilembo zitauma. Ndinabwerera ku shopu osatchulanso za botolo, ndipo tsiku limenelo ndinameta anthu awiri mopotoka.

Paja amati wamisala anaona nkhondo. Utabwera mliri wa korona, wailesi inayamba kulankhula ngati Efo. Musagwirane manja, pakani mankhwala m'manja, dikirani aume. Mankhwala opaka aja anasowa m'mafamase mpaka ku Aflao, koma Efo anali ndi zigubu zinayi pansi pa bedi, ndipo anthu omwe ankawaseka aja anayamba kufola pakhomo pawo ndi timabotolo. Daavi Ablewor naye analemba pachitseko kuti kachasu wake tsopano ndi mankhwala a mliri, opaka ndi omwa omwe. Efo anaima, anawerenga, anati, "Ngwofookabe," n'kupitiriza ulendo. Mbale yoyaka inawatsatira mpaka pamphambano.

Matchalitchi atatsekulidwanso kunalamulidwa kuti pakhomo pazikhala munthu wothira anthu m'manja. Abusa athu atsopano anafunsa kuti wodziwa ntchitoyi ndani. Mpingo wonse unatembenuka kuyang'ana benchi ya kumbuyo. Sindidzaiwala Lamlungu lotsatira. Efo ali pakhomo, malaya akuthwa, botolo m'manja, Papa Agbenyega akukwera masitepe ndi ndodo yawo.

"Manja, Papa."

Papa anatambasula.

"Pakati pa zala. Zala zazikulu musaiwale. Ayi, musapukutire pa nsalu. Paume kaye."

Mkulu wa mpingo anaima padzuwa manja ali m'mwamba, Efo akuwerenga, ndipo ndikulumbira kuti pa makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi anabwerezapo katatu. Tsiku limenelo kwaya, gulu la amayi, abusa, onse ananunkha ngati zidakwa. Ndinati basi, nkhani yatha. Koma akulu atakumana, Papa anati lamulo ndi lamulo, wochoka pa benchi ya kumbuyo amachoka ndi kulapa. Za botolo anakhululuka, popeza tsopano linkatumikira mpingo. Efo anati sangalape mowa umene sanamwe. Akamaliza kuthira anthu onse ankabwerera ku benchi yawo.

Chaka chotsatira anayamba kutupa mapazi, njinga anaisiya. Ine mantha anandigwira, ndipo mantha anga amatulukira m'ukali. Madzulo ena nditatseka shopu ndinapita kwa Daavi Ablewor kukatsitsa mtima ndi kagalasi kamodzi, pakuti ine sindinalonjezepo munthu kanthu. Mayiyu za benchi ya kumbuyo ankazidziwa, ndipo anali ataziseka zaka zonsezi. Kumupempha chifundo kukanakhala kutaya malovu, ndiye ndinalowera kwina.

"Daavi, mukudziwa zimene akunena ku siteji?"

"Ku siteji amanena zambiri."

"Akuti Efo ndi chidakwa chachikulu cha m'tauni muno, mpingo unatsimikiza. Ndiye poti kwa inu sanagulepo, ndiye kuti amaitanitsa wa ku Aflao. Akuti odziwa mowa amatero."

Anaika botolo pansi pang'onopang'ono.

"Chidakwa cha ku Alakope chimene ine sindikuchidziwa?"

"Ine ndangomva."

"Akuluwo amakumana liti?"

Bodza limenelo ndinalilapa kale kwa Mulungu, ndipo ndikukhulupirira kuti anaseka.

Lachinayi masana akulu ali pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi, aliyense masiki ili pachibwano, anangoona Daavi Ablewor akubwera atavala nsalu yake ya pa zikondwerero, akukoka Efo pamkono, ine pambuyo. Chibadwire mayiyu anali asanapondepo pabwalo limenelo.

"Daavi, pano ndi pa bwalo la mpingo," anatero Papa Agbenyega.

"Ndikudziwa, Papa, nkhope zambiri ndikuzidziwa. Ndabwera ngati mboni. Ndatcheza kachasu zaka makumi anayi. Za Baibulo mundiphunzitse inu, za mowa ndikuphunzitseni ine. Womwa amanunkha m'kamwa ndi m'thukuta. Awa amanunkha m'manja. Zaka khumi ndi chimodzi, alipo mmodzi wa inu amene anawanunkhiza m'kamwa?"

Panalibe. Ndani akanayandikira pakamwa pa Efo, munthu woti polankhula nawe amaima mtunda wa ndodo?

"Adokotala, pumirani apa."

"Daavi, zimenezi si zaukhondo."

"Pumirani!"

Anapumira. Daavi anatsinzina ngati wolawa msuzi.

"Phala la chimanga, mswachi wa mtengo, ndi mwano. Mowa mulibe, sunalowemo n'kale lomwe. Bambo awa ananyoza kachasu wanga asanamulawe n'komwe. Tsopano, kuti muone kusiyana kwake, ndinunkhize mzere wonse, kuyambira kumanja monga mwa mwambo."

Sindinaonepo masiki zikukwera msanga chotero. Mkulu wina anakumbukira kuti wasiya mbuzi padzuwa. Daavi anaseka. "Musaope, ine sinditchula maina. Nyumba yanga ili ndi khomo la kutsogolo ndi la kuseri, onse ndimawalemekeza."

Papa Agbenyega okha sanakweze masiki. Anagwira ndodo ndi manja awiri, kenako anati, "Efo Gameli, pitani kunyumba. Lamlungu mubwere."

Lamlungu, itafika nthawi ya olapa, amene anaimirira anali Papa. Anati nawonso anaferedwa akazi awo, ndipo chaka chimenecho iwo ndi amene ankagona ndi botolo mobisa, ndipo ataona wamasiye mnzawo wagwa pakati pa fungo lija anaganiza kuti akudziona okha. "Ndinaweruza munthu ndi mlandu wanga. Lamulo likufuna kulapa, ndiye kulapako ndi uku." Anatsika, n'kuyenda ndi ndodo yawo mpaka ku benchi ya kumbuyo, n'kutambasula dzanja. Ngakhale ana anasiya kutakataka. Efo analiyang'ana dzanja lija, chikwama chili pambali pawo. Analigwira osatsekula chikwama, ndipo sanalisiye mpaka atafika kutsogolo.

Ndinalira, ndisaname. Bambo wamkulu ngati ine, misozi ndi mamina chuchuchu.

Koma paja ndanena kuti Efo ndi Efo. Atafika pa benchi ya kutsogolo anandikodola kuti ndibwere ndi chikwama. Anapukuta malo awo, anapukutanso a Papa. Nyimbo inali itatha, ndipo poti akulu awiri anali chiimire, palibe amene anakhala. Wina kumbuyo, ndikuganiza kuti anali Dogbe, anayamba kuwerenga mokweza. Pofika pa khumi mpingo wonse unali ukuwerenga, ndi abusa omwe. Pa makumi atatu tonse tinakhala pansi kamodzi n'kufa nazo kuseka.

Anadya mgonero miyezi isanu ndi inayi. Anamwalira m'nyengo ya mphepo youma ya fumbi, m'mawa, ali pampando pakhonde, manja ali pamaondo, zikhatho zitayang'ana kumwamba. Amene anawapeza anayamba wadikira kaye pang'ono, poganiza kuti akuwerenga. Maliro awo analowa m'tchalitchi pakhomo lomwe lija ankathirirapo anthu, ndipo tinawaika pansi pa mtengo wa nimu, pa malo aja. Moni wa pamaliro tsiku limenelo unayenda mwachangu kwambiri, ndipo palibe amene anakondwa nazo. Daavi Ablewor sanalowe m'manda. Anaima kunja kwa mpanda ndi botolo la kachasu wa mutu weniweni, wotsika koyamba, n'kuthira pansi monga timachitira popereka kwa makolo.

"Adokotala, uyu ndiye si wofooka. Musamwe, mungosamba m'manja."

Masiku ano Alakope ili ndi liwiro. Mizere ya pamaliro imatha msanga, belu la njinga silimvekanso, ndipo Daavi Ablewor machesi amangoyatsira moto wa m'khitchini. Koma m'shopu mwanga ndikawaza makina ndimaima, ndipo kasitomala wachilendo akayamba kung'ung'udza sindiyankha ine. Amene ali pa benchi ndi amene amamuuza kuti paume kaye. M'kanthawi kameneko m'shopu mumakhala chete, ndipo m'pamene ndimawasowa kwambiri.

Chikwama ndi botolo anasiyira ine. Loweruka m'mawa ndimapita nazo kuchitunda n'kupukuta maina awiri, la Daavi Akpene poyamba, kenako ndimakaima kumpanda kuti ndiwasiye awiriwo. Sabata zoyamba ndinkayeza monga anandiphunzitsira, koma mphepo ya kuno imaumitsa msanga, munthu asanamalize n'komwe kupereka moni. Ndiye ndinayamba kuba. Sipiriti wa ku shopu ndimayezabe zisanu ndi ziwiri ndi zitatu, osaphonya. Wa kumanda ndimathira madzi zitsekero zisanu. Ndikudziwa zimene akanandinena, kuti ndapanga tiyi. Anene. Anthu awiriwa anadikirana zaka khumi ndi ziwiri, ndiye pachedwe kuuma.